Dzira la ku Bwinja

Izi si za m'maluwa ayi. Anandiuza ndi mlamu wanga, dalaivala wa payunivesite, munthu wosakhudza mowa, woti nthabwala ya lero amaiseka mawa. Mayi amene zinamuchitikirayo ndinakamufunsanso ndekha, ndipo sanatsutse kalikonse.

Mayiyu kwawo amamutcha Mafunso, chifukwa ali mwana ankafuna kudziwa ngakhale chimene mbuzi ili ndi ndevu pamene ng'ombe ilibe. Atakula, mafunsowo anasanduka ntchito. Amaphunzitsa payunivesite pomwepo za kakhalidwe ka anthu akumidzi, ndipo chaka chimenecho ankafufuza za anthu osamutsidwa pamalo awo: amanyamula chiyani, amasiya chiyani, ndipo malowo amaoneka bwanji eni ake atachoka. Ankauza ophunzira ake kuti nyumba imagwa msanga koma mudzi umachedwa. Ukadziwa kuyang'ana, umauona m'mitengo, m'miyala ndi m'makhotedwe a njira.

Mudzi umodzi wotere unali wa bambo ake omwe. Anthu anachokako bambowo ali mnyamata, kampani ina itadzalapo mitengo ya matabwa. Tsopano anali atakalamba, mutu utayamba kutaya zinthu. Nsapato ankaika m'kabati ya mbale. Mwana wawoyo ankamutcha anamwino, n'kumamuthokoza mwaulemu akawapatsa mankhwala. Mafunso ankaseka nawo, kenako n'kukalirira kubafa.

Nzeru yopita nawo kubwinjako inachokera kwa azakhali ake, mlongo wamng'ono wa bambowo.

"Ukuvutitsa makolo a eni ndi mafunso, pamene buku lako likuwodzera pakhonde?" anatero azakhaliwo. "Tiwatenge achimwene. Akakasochera ndikawakoka khutu, ndibwezere zakale."

Ananyamuka m'mawa, mlamu wanga akuyendetsa. Pamene msewu unathera anatsika n'kulowa m'mitengomo. Mitengo inali itandanda m'mizere ngati asilikali, pansi pali wofuwofu ndi masamba ouma, mbalame kulibe. Mafunso anagwira bambo ake dzanja, akudziimba mlandu kuti wazunza nkhalamba pachabe.

Kenako anafika pamtengo wa mango, waukulu, woima pawokha kunja kwa mzere. Bambo aja anachotsa dzanja lawo.

"Apa panali kwa atelala," anatero, mawu ali gwa. "Ankasoka malaya dzanja lina lalitali, lina lalifupi."

"Ndipo inu munavala omwewo pokafunsira mbeta," anayankha azakhali. "N'chifukwa chake anakukanani."

"Anandikana chifukwa anamva kuti ndili ndi mlongo wolongolola."

Anthu awiriwa anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kuchoka apo nkhalamba ija inatsogola, ndodo ili kukhwapa. Inaonetsa mzere wa khonje umene unali malire a mabanja awiri osalankhulana. Inafukula ndi phazi mafuwa akuda pamene panali khitchini. Inaloza dzenje lodzaza masamba, kuti ndi pachitsime. Mafunso ankathamanga pambuyo, akulemba, akujambula, mtima uli m'mwamba. Chimene chinamukondweretsa koposa chinali kanjira ka anthu odula mitengo, kamene kanakhota popanda chifukwa pamalo oyera.

"Apa tonse tinkalambalala," anatero bambo ake. "Panali galu wolusa."

Mafunso anaima kukamwa kuli yasa. Galu anafa kalekale, mwini wake anasamuka, koma anthu osamudziwa n'komwe akumulambalalabe mpaka lero.

Dzuwa litapendeka, mphepo inaleka.

Choyamba chinali fungo. Utsi wa nkhuni zosauma bwino. Kenako sopo wochapira.

Tambala analira. Pafupi.

Mlamu wanga anayang'ana Mafunso. "Kuno kuli nyumba?"

"Kulibe."

Kudzenje kuja kunamveka chidebe chikugunda m'mbali, chingwe chikukwekwesa mtengo, madzi akukhavukira pansi. Onse anatembenuka. Dzenjelo linali lodzaza masamba monga analisiyira. Ana anadutsa akuthamanga, akuseka, mapazi ali pha pha pha pafupi ndi miyendo ya Mafunso. Tsamba ndi limodzi lomwe silinagwedezeke.

Ndipo mawu a mzimayi anaitana, osakuwa, ngati munthu amene manja ali pantchito.

"Kamiyendo. Bwera udzasambe."

Azakhali anafinya mkono wa Mafunso.

"Amayi amenewo," ananong'ona. "Palibe wina ankawatchula choncho achimwene."

Nkhope ya bambo aja inawala. "Ndikubwera," anayankha, n'kuyamba kuyenda.

"Bambo."

Sanacheuke.

"Bambo, imani."

 Mafunso anaona msana wa bambo ake ukutalikira, ndipo anadziwa mumtima kuti akawalekerera abwerera kunyumba ndi ndodo yokha. Anawathamangira. Anawapeza ataima pakati pa miyala iwiri yafulati, chipewa chili m'manja, akulankhula motsitsa, akusiya, akumvetsera, akuseka. Anagwira jekete lawo. Kumsana kwake kunali kozizira. Kumaso kunkabwera mpweya wofunda, ngati waima pakhomo la khitchini.

"Bambo, tiyeni kwathu."

Bambowo anatembenuka n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamukokera kutsogolo.

"Amayi, uyu ndi mwana wanga wachiwiri. Uja wa mafunso. Pano ndi mphunzitsi wamkulu."



Kenako kunamveka kuseka, kwa anthu ambiri, kwapansipansi, kuseka kwa pabanja pakafika mlendo wodikiridwa. Chikhatho chinagwira tsaya la Mafunso. Chinali chokhakhala, chonyowa, chonunkhira sopo. Chinatembenuzira nkhope yake uku, kenako uku.  Iye akuti mantha onse anatsikira kumapazi n'kutha, ndipo chimene chinatsala ndi manyazi okoma a mwana amene akuyamikiridwa pagulu.

"Akuti mphuno ndi yakwathu," anatero bambo ake. Anamvetseranso, n'kupukusa mutu. "Kugona ayi, amayi. Lero ayi. Tabwera pagalimoto ya eni, ndipo mwanayu sangayende yekha."

Azakhali anasendera pafupi, misozi ili chuchuchu, akuseka nthawi yomweyo.

"Nanga ine, amayi, simundifunsa?"

Bambo aja anapendeketsa khutu.

"Akuti wanenepa."

Azakhali anakhala pansi pamasamba n'kuseka mpaka kutsokomola.

Mphepo inayambanso. Utsi unatha. Anatsala atatu pakati pa mitengo, pakuti mlamu wanga anali atafika kale m'galimoto, magalasi atatseka. Iye amati anapita kukaona mafuta.

Pobwerera bambo aja anayimba nyimbo zaunyamata wawo, azakhali akuvomera. Anafunsa za adzukulu awo mmodzimmodzi, osalakwitsa dzina. Galimoto italowa m'mabampu anagwira dalaivala paphewa.

"Pang'onopang'ono, mwana wanga. Ndanyamula katundu wosweka."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa dzira. Linali lofiirira, kanthenga katamatirira pambali.

"Sakanandilola kuchoka chimanjamanja."

Mafunso analilandira ndi manja awiri. Jekete limenelo analisita yekha m'mawa, matumba anawakhuthula monga ankachitira tsiku lililonse. Dziralo linali lofunda, ngati nkhuku yangodzukapo kumene. 

Mutu wa bambowo sunachire, tisaname. Masiku ena amadzuka ali bwino, masiku ena chifunga. Koma kuyambira ulendo umenewo amagona tulo, amadya, ndipo akakhala pakhonde amaoneka ngati munthu wodziwa kuti kumene adzapite kuli anthu. Mafunso analemba mutu wonse wa buku lake za galu ndi njira yokhota, anzake akuntchito n'kuuyamikira kwambiri. Zinazo akuti sanapezebe tsamba loziikapo.

Dzira lija azakhali analiika pamazira a nkhuku yawo imene inkafungatira. Linaswa. Munatuluka kamsoti kotuwa, kofatsa, kamene kanakula osayenda ndi zinzake. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka, nkhukuyo imaimika khosi ngati yamva kuitana, n'kuthamangira kuseri kwa khitchini. Kumeneko imajompha pansi mwachangu, ikuzungulira malo amodzi, monga zimachitira nkhuku pamapazi a munthu wowaza chakudya.

Mlamu wanga anakaiona ndi maso ake. Itachoka, anagwada n'kupapasa pansipo. Dothi lokhalokha, losesedwa bwino. Anaigwira nkhukuyo, n'kupeza pakhosi pake pali tototo, yakhuta.

"Ine ndinaleka kuidyetsa," anatero azakhali, akuyanika zovala osacheuka. "Ili ndi eni ake."