Chimene Chikudya Amayi

Amayi sanalodzedwe! Ndaona ndekha m'kalata ya dokotala, ndipo ndasangalala ngati ndapambana mayeso. Koma dikirani, ndiyambe poyambira.

Zinayamba madzulo ena amayi akusenda mbatata pakhomo, ine ndikukoleza moto. Nditacheuka ndinaona madzi a m'beseni ali psuu. Anali atadzicheka chala kwambiri, koma ankasendabe, uku akuimba. Anati dzanjalo lachita dzanzi sabata yonse, ngati aligonera. Kenako dzanzi linatsikira kumapazi. Ankayenda ngati avala masokosi atatu, nthaka osaimva. Masiku ena ankagwira pachifuwa n'kumati wina wawamanga lamba, chonsecho lamba palibe. Zinkabwera n'kupita, ngati munthu wodziwa njira ya kwathu.

M'tchalitchi ndiye zinaipa. Ataweramitsa mutu kuti apemphere, chinthu chinawathamanga mumsana ngati magetsi, ndipo anakuwa. Anthu anasendera kutali ndi benchi lathu. Kuyambira tsikulo mawu oti sanguma, ufiti wodya anthu m'kati, anayamba kuyenda monong'ona m'minda ya khofi. Wina anati wamva mluzu kumanda. Wina anati ana a nkhumba ake atatu afa osadwala. Wina anakumbukira kuti amuna a mayi aakulu, a Apolonia, achemwali a amayi, anamwalira atangodandaula mutu. Mayi aakuluwo anakwatiwa kuno kuchokera kutsidya la mtsinje, alibe mwana wamwamuna, alibe mlongo pafupi. Ndipo aliyense anali ataona kuti amayi akapita kukawathandiza kuphika padzenje la miyala yamoto, diso limodzi limachita chifunga, miyendo n'kulefuka.

Bambo ali kumgodi, choncho bambo aang'ono, a Kaupa, ndiwo anaitana sing'anga. Anawafunditsa amayi bulangeti pamwamba pa mphika wa masamba owira, nyumba yonse kununkha bulugamu, iye n'kumatchula mayina limodzilimodzi. Anati thupi liyankha lokha. Dzina la a Apolonia linabwera kumapeto. Pofika pamenepo amayi anali thukuta lokhalokha, ndipo anagwera cham'mbali ngati thumba la khofi.

"Mwaona nokha," anatero sing'anga.

Amayi atatsitsimuka anagwira mwendo wa a Kaupa, kuwapempha kuti achemwali awo asakhudzidwe mpaka achipatala aone kaye. A Kaupa anavomera monyinyirika.

"Tidikira pepalalo, alamu. Koma pepala likalephera kunena, tinena ife."

Miyezi iwiri mayi aakulu sanapite kumsika. Ana ankagenda denga lawo dzuwa likuswa mtengo. Ndikadutsa ndinkangoona diso pamng'alu wa chitseko.

A mpingo anathandiza, amayi anakwera ndege kupita ku Mosbi, likulu la dziko lathu, kumene anawalowetsa m'makina ojambula ubongo. Abwera lero masana ndi ndodo yatsopano ndi kalata. Matendawa ali ndi dzina, amati MS. Dokotala anawauza kuti kutentha ndiko kumawadzutsa: miyala yamoto, nthunzi, dzuwa. Mwamva? Nthunzi! Ngakhale magetsi a mumsana aja ali m'mabuku, ndipo anthu ambiri ku Australia ali nawo. Matendawa satha, koma pali mankhwala owagonetsa, ndipo amayi azisamba madzi ozizira, azipuma akatopa.

Amayi atangogona ndi kutopa kwa ulendo, ndinathamanga ndi kalata kupita pamene amuna amakhala pansi pa mtengo, akutafuna buai, mtedza wofiiritsa malovu, n'kumalavula zofiira. Kalatayo ndi ya Chingerezi.

"Werenga, iwe wa sukulu," anatero a Kaupa. "Tione ngati kumeneko mumaphunzira kapena mumangokadya mandasi."

Onse anaseka. Ndinawerenga ndikumasulira, mzere ndi mzere. Pena panali mawu ovuta, onena zimene thupi likuchita ku kachikopa kokuta mitsempha. Ndinafunafuna liwu lathu, ndipo ndinati pali chimene chikudya kachikopako.

Kuseka kunatha.

"Bwereza," anatero a Kaupa.

"Chikudya kachikopa ka mitsempha, bambo. Pang'onopang'ono, m'kati."

"Akudya ndani?"

Ndinayang'ana m'munsi mwa kalata. "Apa alemba kuti choyambitsa sichidziwika."

"Ndiye dokotala waona kuti akudyedwa, koma wodyayo sanamuone."

"Eya, koma palinso za kutentha, sindinafike..."

"Wawerenga bwino, mwanawe." Anandisisita mutu, kalata n'kuipinda, n'kuiika m'thumba la malaya.

A Kaupa sanandiyamikirepo chibadwire changa! Amuna onse anaimirira pamodzi, nati akupita kwa mayi aakulu kukathetsa nkhaniyi lero lomwe. Kukapepesa, ndithu. Kwathu chipepeso chachikulu chotere chimafuna nkhumba yophikidwa pamiyala, ndipo ndawaona ndi maso angawa ena atasenza nkhuni, wina atanyamula chingwe.

Pamene ndikulemba pano utsi wayamba kale kukwera kumtunda, kwa mayi aakulu. Agalu akuuwa, ndipo kukumveka mawu okweza ngati a mzimayi woyambitsa nyimbo. Ndidzutsa amayi, tipite pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, akakhale patali ndi moto. Chondiseketsa n'chakuti ndi changu chawocho amuna aja aiwala nkhumba. Idakali pano kuseri kwa nyumba ya a Kaupa, yomangidwa mwendo, ikufukula nthaka.