Dzina Lina la Hatchi

Hiske anatuluka m'chipatala 11 koloko usiku itadutsa, mtima usanaphwe. Ntchito yake inali yoyankhulira odwala zotupa za mu ubongo, ndipo tsikulo anali atakangana ndi madokotala awiri chifukwa chofotokozera odwala ngati akuwerenga nyuzipepala. Atafika pa njinga yake anapeza tayala laphwa. Basi yomaliza inali itapita. Anangoyamba kuikankha m'mbali mwa ngalande.

Maganizo ake onse anali pa mayi Baukje, mlimi wa ng'ombe zamkaka, amene m'mawa mwake ankakawatsegula mutu ali maso. Dokotala akamachotsa chotupa, wodwala amamuonetsa zithunzi kuti azitchula mayina. Lilime likakakamira, dokotala amadziwa kuti apa pamakhala mawu, sadulapo. Poyeserera masana, mayiwo anakhoza zithunzi zonse kupatula chimodzi, cha hatchi. Wowayesa anati alakwa, n'kuchichotsa pamulu. Kuyambira pamenepo mayi Baukje anatseka pakamwa. Hiske anawanyengerera mpaka usiku, koma sananene chawakwiyitsa.

Pamlatho wamatabwa, pafupi ndi manda a kutchalitchi chakale, panaima bambo wovala chijasi, wopanda chipewa ngakhale kunkazizira. Ankayang'ana hatchi yakuda imene inali kutsidya kwa mpanda. Hiske anaimba belu kuti amupatse njira. Bamboyo sanasunthe.

"Mwanawe, nyama ija dzina lake n'chiyani?"

Anafunsa m'Chidatchi chowongoka, cha mu ofesi, chosamveka kawirikawiri m'midzi imeneyi. Hiske anaganiza kuti ndi woledzera, koma chidwi chinamugwira. Anayankha m'Chidatchi momwemo kuti ndi paard.

"Limenelo ndili nalo. Ndikufuna linalo. Lija ankatchula mayi anga."

Apo mpamene Hiske anaona chipsera. Chinazungulira pamwamba pa khutu lakumanzere. Zipsera zotere ankaziona tsiku ndi tsiku. Anafunsa ngati bamboyo wathawa kuwodi, ndipo iye anaseka pang'ono, nati anamutulutsa kalekale, ndipo madokotala anaombera m'manja kuti opaleshoni yayenda bwino.

"Hynder," anatero Hiske, m'Chifirizi, chilankhulo cha m'midzi ya kwawoko.

Bamboyo anayesa kulitchula. Milomo inagwedera. Mawu osatuluka. Anayesanso... zii.

"Anandifunsa m'chilankhulo chimodzi," anatero. "Chimene sanafunse, anadula. Mkazi wanga ankandiyankhula cha kwathu, ine n'kumamuyankha ngati kalaliki wa kuboma. Zaka zitatu. Iwe ndiwe wolemba mafomu, eti? Pamzere wa chilankhulo unalembapo chiyani?"

Hiske anakumbukira. Fomu ya mayi Baukje analemba yekha. Sanawafunse n'komwe. Analemba Chidatchi, monga amalembera aliyense, poti Chifirizi n'cha kukhitchini ndi kukhola, sichilowa pa pepala. Iye amene ankalalatira anzake kuti samvera odwala!

Ndiye mayiwo sanalakwe. Anatchula chithunzicho m'chilankhulo chawo.

Koma bamboyu wadziwa bwanji za fomu?

Anamuyang'anitsitsa. Mpweya wa Hiske unkatuluka ngati utsi. Wa hatchi chimodzimodzi. Pakamwa pa bamboyo... panalibe kanthu. Bamboyo anasuntha kuti amupatse njira. Matabwa sanalire.

"Ndinu ndani?"

"Douwe Terpstra. Bwerera, nthawi ikadalipo."

Hiske anatembenuza njinga. Atacheuka, pamlatho panali mbee. Hatchi yokha, khutu lili tcheru.

Anathamanga osaima, tayala likukhwekhwereza mumsewu. Kuwodi anadzutsa dokotala wa usiku, amene anamuuza kuti ndandanda ya m'mawa siisinthidwa chifukwa cha hatchi. Hiske anati akhala pakhomo la chipinda cha opaleshoni, bedi lidzadutse pamutu pake. Anakangana mpaka dokotalayo anatopa n'kuimbira foni mkulu wake. Pofika 7 koloko anali atapeza katswiri wa zamayankhulidwe wodziwa Chifirizi, ndipo zithunzi anaziyesanso m'zilankhulo zonse ziwiri. Chithunzi chija chitabwerera pamulu, mayi Baukje anachiyang'ana, nayang'ana Hiske.

"Hynder," anatero. "Ndimayesa nonse muno ndinu ogontha."

Mayiwo atawalowetsa m'chipinda cha opaleshoni, Hiske anakhala pabenchi. Namwino wachikulire, Sisitala Aukje, anamubweretsera khofi n'kumufunsa kuti nzeru imeneyi waitola kuti pakati pa usiku, poti masana amangodziwa kukalipa. Hiske anati wamuuza ndi wodwala wawo wakale, ndipo akufuna adiresi yake akamuthokoze. Anatchula dzina.

Sisitala Aukje anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Douwe wa chipsera cha kumanzere? Mkazi wake ndiye analemba madandaulo chaka chonse, mpaka akuluakulu anatsegula ofesi ukukhalamoyo. Mpando wakowo unabwera chifukwa cha iye."

"Ndiye amakhala kuti?"

"Pafupi ndi mlatho, mwanawe, kuseri kwa tchalitchi. Tinamuika zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Ndinalipo. Mkazi wake analembetsa mwala wonse m'Chifirizi, akuti mwina kumeneko akachikumbukira."