Ndere za Pamwala wa Eni

Ndikakumbukira, mtima umandiwirabe. Ndimagwira ntchito kumalo osungira zomera zouma. Tsiku limenelo anzanga anali ataweruka, ine bwana atandiunjikira timaenvulopu toti ndimatepo timapepala. M'kati mwake munali ndere, zotuwa zija zomera pamiyala. Bwana ankadzitama kuti mtundu umenewu umapezeka malo amodzi okha, ndipo anautulukira ndi iwo.

Ndere zoterezi sizisupuka. Umachita kugamphula ndi tchizulo, mwala ndi ndere pamodzi. Anandiuza kuti pakapepala kalikonse ndilembe kuti "pathanthwe." Thanthwe lanji losalala chonchi, lokhala ndi zilembo zogoba? Ndinatukwana chamumtima. Munthu wophunzira, kukaswa miyala ya pamanda!

Kunja kutada, ndinamva kugogoda. Osati pachitseko. M'kabati.

Ndinati mwina ndi makoswe. Kenako fungo la dothi lonyowa linadzaza chipinda. Nditacheuka, kumapeto kwa makabati kunali kutaima bambo wachikulire, jekete yake yotuwa mbuu.

"Pepani mayi," anatero motsitsa mawu. "Ana anga anabwera kudzandiona. Anazungulirazungulira osandipeza. Dzina langa lili muno."

Ukali unaposa mantha. Ndinakokolola timaenvulopu tonse n'kumuikira m'manja.

"Tengani, bambo. Ndi zanu."

Zala zake zinali zozizira ngati simenti. Chitseko sichinatseguke, koma ndinangoona ndatsala ndekha.

Kutacha bwana analusa koopsa. "Kafukufuku wanga yense! Wagulitsa kwa ndani? Lero lomwe ukuchoka!"

"Mukafunse amene munawaswera miyala," ndinayankha. Sindinkadziwa kuti ana anga adya chiyani, koma pakamwa panakana kutseka.

Analemba kalata yondichotsa ntchito. Atafika posaina, cholembera chinaima. Anayang'ana kudenga. Anatuluka kukawerenga chikwangwani cha pachitseko chawo, koma anapeza ndere zitachikuta chonse, chikhalirecho dzulo lake chinali mbee. Anabwerera thukuta lili kamukamu.

"Mayi," anandinong'oneza, "paja dzina langa ndani?"

Ndimalidziwa bwinobwino. Sindinawauze, ndipo sindidzawauza.

Mlonda wathu amati mkulu uja sanapeze zilembo zake zonse, ndiye anakwaniritsa ndi za dzina la bwana. Ine sindikudziwa. Kalata ija ikadali patebulo pawo yosasaina, ndipo m'mawa uliwonse ndimaipukuta fumbi.