Nsalu ya Alefa Yagona

Alefa ankakhala ku Thuchila. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna pampu ya mphepo pakhomo pawo.

Pampu imeneyi ili ndi mapiko. Mphepo ikawomba, mapiko amazungulira. Mapiko akazungulira, madzi amatuluka.

Tsiku lina kunabwera a Pilato pa galimoto ya landirova. Iwo anali omanga mapampu. Anazika nsungwi ziwiri. Ina anazika kwa Alefa. Ina anazika kwa Lizzie, mnzake wa Alefa. Pansonga anamangapo tinsalu.

"Nsalu ikavina, ndiye kuti pali mphepo," anatero a Pilato. "Pampu tidzamanga pamenepo."

Mphepo inatsika kuphiri. Nsalu ya Lizzie inavina, pe pe pe! Nsalu ya Alefa inangoti zii.

"Alefa, nsalu yako yagona!" anaseka Lizzie. "Uyipatse bulangeti!"

Alefa sanaseke. Mtima unamuwawa. Anachita nsanje.

Alefa anauzira nsaluyo. Nsalu inagonabe. Anatenga lichero la amayi. Anakupiza, anakupiza, mpaka mkono unatopa. Nsalu inagonabe.

A Pilato anamupeza ali thukuta kamukamu.

"Mwanawe, udzakupiza chaka chonse?"

"Bambo, chifukwa chiyani mphepo ikukonda Lizzie?"

"Sikukonda munthu ayi. Taona mtengo wa mango uwu. Ukutchinga mphepo."

"Ndiye udulenitu!" anatero Alefa.

"Ine sindidula mtengo wa eni. Tifunse kaye eni ake."

Madzulo abambo a Alefa anabwera kuchokera ku esiteti ya tiyi. Anamva nkhani yonse.

"Mtengowu ndinabzala tsiku limene unabadwa," anatero abambo. "Ndi wako, Alefa. Ukati tidule, nkhwangwa iyo."

M'mawa Alefa anapita pansi pa mtengo. Anaona nkhwangwa. Anaona katungwe wake. Kenaka anamva kaphokoso. Tswi! Tswi! Tswi!

Anayang'ana kumwamba. Panthambi panali zisa za atchete. M'chisa china munali tiana. Tinali titayasamula kukamwa.

Alefa anayang'ana kwa Lizzie. Nsalu inali kuvinabe. Mtima unamuwawabe. Koma ananyamula nkhwangwa ija. Anakaibwezera m'nyumba.

"Ababa, musadule."

Pampu anaimanga kwa Lizzie. Inali yaitali. Inali yonyezimira. Anthu onse ankatunga kumeneko. Alefa nayenso ankatunga kumeneko. Ankangoyang'ana pansi.

Dzuwa linatentha. Mango anapsa. Tsiku lina Lizzie anaima kumpanda.

"Odi, Alefa."

"Ukufuna chiyani? Si uli ndi pampu iwe?"

"Pampu ilibe mthunzi," anatero Lizzie. "Ilibe mango. Imangolira kwii, kwii, tsiku lonse. Iwe uli ndi katungwe. Ine ndilibe."

Alefa anadabwa. "Kodi nawenso umachita nsanje?"

Lizzie anagwedeza mutu povomera. Alefa anafuna kuumitsa nkhope. Koma analephera. Anaseka. Lizzie nayenso anaseka.

"Bwera ukwere," anatero Alefa. "Koma usaopseze atchete anga."

Madzulo anakatunga madzi limodzi. Ndowa ina anapatsa amayi. Ndowa ina anathirira mtengo.

Abambo anathyola mango. Onse anakhala pamthunzi, nadya. Nsungwi ija inali ikadali pomwepo.

"Alefa, nsalu yako ikugonabe," anatero Lizzie.

"Isiye igone," anayankha Alefa. "Ili pamthunzi."