Chipolopolo Chamchenga cha Achimwene Anacleto

Nkhani iyi si yopeka ayi. Ine kunama ndimanama, sindikana, makamaka pa zaka zanga ndi pa masewera a makhadi, koma za akufa sindinama. Amene anaona ndi Fermín, mwana wa malemu achimwene anga Anacleto. Amene anamva ndi bambo Eulogio, mmisiri wa mfuti wa ku Santa Rosa, mdala woti sakhulupirira kanthu asanakayeze ndi kachitsulo kake. Ndi nkhani ya m'mawa wina pamene chala cha Fermín chinali pa chowombera, kutsogolo kwa mfuti kuli mng'ono wake, iye osadziwa.

M'banja mwathu mlenje akamwalira timamuika ndi chipolopolo chimodzi cha mfuti yake m'thumba la jekete, kuti asakafike uko chimanjamanja. Koma timayamba tachipha. Wonga timakhuthula, kamoto ka pathako timakazimitsa, m'kati timathiramo mchenga. Wakufa sapatsidwa chamoyo, angadzuke n'kupita kokasaka. Cha achimwene ndinakonza ndine. Ndinachipakanso pamphuno penti wanga wofiira wa m'zikhadabo, kuti akadziwe kuti mlongo wawo wamwano uja sanawaiwale. Kuika ndinaika ndekha, batani ndinamanga ndekha, bokosi anakhoma ndikuona.

Mfuti yawo, Mauser yakalekale ya 7,65, inatsala kwa Fermín. Manambala amenewa musandifunse, sukulu ine ndinangosuzumira pawindo. Chimene ndikudziwa n'chakuti mfuti iliyonse ili ndi pakamwa pake ndipo imadya zipolopolo za saizi yake yokha.

Patapita zaka zitatu, nyengo ya brama ikuyandikira, nthawi ija nswala zamphongo zimabangula m'nkhalango ya mitengo ya caldén kufunafuna akazi, Fermín anagwidwa matenda a mfuti. Munthu wogulitsa nsapato m'tauni, koma kugona sankagona, kudya ankadya akuwerenga timabuku ta zipolopolo. Lamlungu lina anafika kwanga ku Quehué atanyamula Mauser ija m'bulangete ngati khanda, atatengananso ndi bambo Eulogio. Mng'ono wake Lisandro, amene amayang'anira ng'ombe pafamu yathu, anawapeza akupatsirana chikho cha yerba, tiyi wathu wowawa woyamwa ndi kampope, kukhitchini.

"Zipolopolo za 7,65 zikusowa ngati mvula ya kuno," anatero Fermín, maso akuwala. "Ndikufuna mpope watsopano. Bambo Eulogio, ndiuzeni, ndiike saizi yanji? Ine mtima uli pa .300."

"Ya .300?" mdala uja anaseka mpaka kutsokomola. "Ukufuna kupha nswala n'kuiphikiratu nthawi imodzi? Imeneyo, mwanawe, imagwetsa awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo."

"Phewa la wogulitsa nsapato limenelo," anatero Lisandro. "Achimwene, ikani ka .243, kopepuka, kosaluma. Mukaphonya, nyama izingoyesa yalumidwa ndi udzudzu."

Kuseka kunatha pompo. Lisandro yemwe anazindikira kuti waponda poterera. Kamfuti ka .243 ndi kamene bambo wawo anabwereka tsiku lina, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, anzawo atawanyodola kuti Mauser ndi ya nkhalamba. Analasa nako chinswala chachikulu chothyoka nyanga ya kumanzere, chimene anthu ankachitchula kuti Nyangaimodzi. Chipolopolo chinachepa. Nyamayo inathawa ndi bala paphewa, achimwene anatsata magazi masiku atatu osaipeza. Mpaka pa bedi la imfa ankati, "Nyama yolasidwa siiwala."

"N'chifukwa chake ndikufuna yaikulu," anatero Fermín chapansipansi. "Zimene zija zisadzachitikenso."

Bambo Eulogio anayamwa yerba mpaka chikho chinalira. "Ya .308 ndi yofatsa, imakwana. Koma pa chitsulo cha bambo ako ichi ine ndingaike .30-06. Nguluwe igwa, nswala igwa, phewa lako litsala kuti uzikayezera azimayi nsapato."

Basi, Fermín anadumpha ngati wawina hatchi. Ndipo sanalekere pa mpope. Anafuna thako latsopano la mtengo wonyezimira lokhala ndi labala kumapeto. Anafuna lamba wachikopa wolembedwa dzina lake. Anafuna timiyendo tiwiri topinda toimikira mfuti pansi. Pomaliza anafuna galasi loonera patali, lalitali ngati mkono wanga.

"Mwaiveka ngati mkwatibwi," ndinatero ine. "Kwatsala ndolo ndi nsapato zazitali, zimenezo uli nazo kusitolo."

Koma mmisiri uja anazengereza. "Kuti galasi likhale bwino, ndiyenera kudula timano ta pamwamba pa mfuti tija, toyang'anira poloza, ta bambo ako. Ukudziwa zimene ankanena."

Fermín ankadziwa. Bambo wake ankadana ndi galasi. Ankati galasi limakuonetsa chimene ukufuna, diso limakuonetsa chimene chilipo, ndiye diso liziyamba, chala chizitsata. Fermín anasisita timano tija ndi chala chachikulu, pamene panali potha chifukwa cha zaka, kenako anati, "Dulani. Bambo analibe galasi chifukwa nthawi yawo kunalibe labwino."

Itabwera mfutiyo, kunali chikondwerero. Fermín anakhoma pepala pamtengo, nabwerera masitepe zana, nawombera katatu. Mabowo atatuwo ndinawaphimba ndi chitsekerero chimodzi cha botolo. Anavina pabwalo, munthu wa ana atatu, mfuti ili m'mwamba, agalu akuuwa. Anandipsompsona pamphumi, anapsompsona mdala Eulogio padazi, akanapsompsonanso ng'ombe ikanayandikira.

Tsiku losaka ananyamuka mbandakucha, atatu. Pafupi ndi nkhalango anaimika galimoto, ndipo bambo Eulogio anatsala momwemo chifukwa cha bondo lawo. Asanatsike, Fermín anatsegula bokosi latsopano la .30-06, naika zipolopolo zisanu akuwerenga mokweza, mdala uja akuunikira ndi tochi. Zisanu, zonse zonyezimira.

Lisandro ananyamula nyanga ya ng'ombe imene amabangulira. Mnyamata ameneyu, pepani, bambo ameneyu, akaika nyanga pakamwa ngakhale nswala zazikazi zimayamba kudzikonza. Ntchito yake inali yoitana yamphongo kuti ibwere kudzamenyana ndi mnzake wabodzayo.

"Iwe ukhale kumbuyo kwanga, pa chimtengo chouma chija," anatero Fermín. "Usachokepo."

"Inu mungoonetsetsa kuti mkwatibwi wanuyo asachite manyazi."

Anasiyana. Fermín anakagona chafufumimba m'mphepete mwa dambo, natambasula timiyendo ta mfuti. Mame analowa m'malaya, iye osamva. Nkhungu inali itagona pa udzu kufika m'chiuno. Kum'mawa kunayamba kuyera.

Nyanga inalira kumbuyo kwake. Bwino kwambiri, mawu okhuthala, okwiya. Fermín anamwetulira. Patapita kanthawi inaliranso, koma ulendo uno chakumanja. Kamphepo kanali katatembenuka, ndipo wobangula aliyense amadziwa kuti mphepo ikatembenuka uyenera kusuntha kuti nyama isakununkhize. Lisandro anasuntha osaganiza, monga wachitira moyo wake wonse. M'nkhungu muja anazungulira kwambiri. Fermín anangoti ndi mphepo imene ikusewera ndi mawu.

Kenako kunabangula kachitatu. Kutsogolo.

Kumeneku kunali kubangula kwina. Kunachokera pansi, kunalowa m'mimba. Mbalame zonse zinangoti zii. Ng'ombe zimene zinkalira kutali zinaleka.

Fungo linafika. Fungo la mphongo ya m'nyengo ya brama, la mkodzo ndi matope, lamphamvu mpaka kuwawa m'maso. Pansi pake panali lina, la bala lakale.

Fermín anaika diso pagalasi.

Inali pomwepo, pakati pa mitengo iwiri ya caldén. Chinswala chakuda khosi, mpweya ukufuka m'mphuno. Nyanga ya kumanja inali ndi nthambi zisanu ndi ziwiri. Ya kumanzere inali chitsa. Paphewa panali bala, lonyowa.

Zaka khumi ndi ziwiri, kuwonjezapo zimene inali nazo kale. Nswala sikhala choncho. Iye ankadziwa, koma chimwemwe chinamukwera kumutu ngati vinyo. Amaliza ntchito ya bambo wake, ndi mfuti ya bambo wake.

Diso liziyamba, anakumbuka. Akanangodzutsa mutu pang'ono. Koma m'galasi zonse zinali zoyera bwino, mtanda utakhala pabala penipeni, ndipo anaopa kuti akachotsa diso nyama ichoka.

Nyamayo sinkadya, sinkanunkhiza. Inkangomuyang'ana. Inkadikira.

Kumbuyo kwa khutu lake kunadutsa fungo la fodya wakuda. Fermín sasuta. Lisandro sasuta. Amene ankasuta fodya ameneyo ndi malemu bambo wawo.

Anakoka.

Khe.

Kunalira kachitsulo kobaya chipolopolo kokha. Palibe moto, palibe utsi.

Anadzutsa mutu. Pakati pa mitengo iwiri ija panalibe nswala. Panali munthu ataima, atafunda chofunda chofiirira, nyanga ya ng'ombe ili m'manja.

"Lisandro," mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Achimwene? Muli kumeneko?" Nayenso ankanong'ona. "Ndimayesa muli kumanzere kwanga."

Fermín anachotsa dzanja pamfuti. Mng'ono wake anabwera akuyenda cham'mbali, akucheukacheuka, nkhope ili mbuu.

"Kachitatu kaja," anatero Fermín. "Unali iwe?"

"Ine ndaliza kawiri."

"Nanga kachitatu?"

"Kanachokera kumbuyo kwa khosi langa apa. Mpweya wake ndinaumva, wotentha. Sindinathe kutembenuka." Ndiye anayang'ana kumene mpope unaloza, nayang'ananso pamene anaima. "Achimwene, mwakoka?"

Fermín anakoka mpiringidzo wa mfuti pang'onopang'ono. Chipolopolo chinagwera pa udzu. Chinali chachifupi, chakuda ndi nguwe yobiriwira. Pamphuno pake panali penti wofiira. Pathako pake panali kabowo katsopano, kowala, ka kachitsulo kamene kangochibaya kumene.

Lisandro anachitola, nachigwedeza pakhutu. M'kati munalira mchenga.

Anapita pa mitengo iwiri ija. Dothi linali lofewa ndi mame. Mapazi a Lisandro analipo. Ziboda panalibe ngakhale chimodzi. Fungo lokha linali likadalipo.

Bambo Eulogio, atawaona akubwera atagwirana ngati oledzera, anafuna kuyamba chipongwe, koma anameza. Anatulutsa kachitsulo kawo koyezera, nayeza chipolopolo chija kawiri. "Ichi ndi 7,65," anatero. "Ndinaunikira ndine. Ichi sichinalowemo." Anakhuthula mfuti. Munatuluka zinayi zonyezimira. Anafufuza m'matumba, pansi pa mipando, mu udzu monse mmene Fermín anagona. Chachisanu sichinapezeke.

Atandibweretsera chipolopolocho, magalasi anga sanafunike. Penti uja ndi wanga, anasiya kugulitsa kalekale, ndipo pambali panali chidindo cha chala changa pamene ndinagwira asanaume. Ndinakhala pansi. 

Masana omwewo tinapita kumanda. Simenti inali yosang'aluka, maluwa apulasitiki ali pamalo pake, kangaude atamanga ulusi pa mtanda. Fermín anagwada, nalira ngati mwana, Lisandro atamugwira paphewa la wogulitsa nsapato lija. Ine ndinayang'ana mwala wa pamandapo.

"Ana inu," ndinatero. "Ngati chamchenga chili kuno, m'thumba mwa bambo wanu muli chiyani?"



Bambo Eulogio anagonera kwathu masiku atatu akubwezeretsa timano toyang'anira pa mpope watsopano, galasi atalitsekera m'kabati. M'mawa wa tsiku lachitatu, dzuwa lisanatuluke, tonse anayi tinali kukhitchini, ketulo ili pamoto, Mauser ili patebulo yopanda mpiringidzo. Kutali, cha kudambo kuja, kunabangula. Kubangula kwa pansi kuja. Lisandro anagwetsa chikho.

Kenako mfuti inalira. Kamodzi. Kuchokera mbali ya kumanda.

Kubangula kunadukira pakati.

Mdala uja anapendeketsa mutu, munthu woti amadziwa saizi ya mfuti ndi khutu monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake. "Imeneyo ndi .30-06," anatero.

Tinafunsa mafamu onse oyandikana nafe, palibe amene anatuluka kokasaka m'mawa umenewo. Nyama yakufa sinapezeke, miimba sinazungulire. Chichokereni tsiku limenelo Nyangaimodzi sinamvekenso. Chipolopolo chamchenga chili m'chitini changa cha mabatani, aliyense wofuna abwere adzachigwedeze. Koma za kumene achimwene anaitenga mfuti yowombera chachisanu chija, musandifunse ine. Bokosi anakhoma ndikuona, ndipo munalibe.