Nsapato za Aphunzitsi a Daka

Chimene Juliet anayamba kuona sichinali chachikulu ayi. Tinali timizere chabe, tokhota ngati zikhadabo, tokandika pa polishi wofiira wa pakhonde, kuchokera pamasitepe kukafika pawindo la chipinda cha amayi ake, n'kubwereranso. Anaima tsache lili m'manja, mvula ya usiku ikudonthabe pamalata. Timizere timeneto anakula akutiona. Tinkasiyidwa ndi zitsulo za kuchidendene kwa nsapato za atate ake, ndipo atate akewo anali atagona kumanda Khirisimasi isanafike.

Mu Kapata monse munalibe amene sankawadziwa aphunzitsi a Edmund Daka. Anaphunzitsa masamu ku sekondale mpaka mutu kuyera, ndipo zaka zonsezo ankavala nsapato zakuda zimene wosoka wa pamsika anazikhomera zitsulo. Mnyamata wobisala kuchimbudzi akamva kho, kho, kho m'khonde la sukulu, ndudu ankaimeza ikuyaka. Komatu mantha amenewo anali a chikondi, chifukwa munthuyo sanagwirepo mkwapulo. Mwana wobwera ndi njala ankamutuma kunyumba kukatenga buku limene sankalifuna n'komwe, podziwa kuti akazi awo, a Veronika, sangamubweze asanadye. Ukhondo wawo unali wochita kukwiyitsa. Pageti anazikapo khasu lakale, ndipo ankapalapo matope asanakwere pakhonde, ngakhale mvula ikhale ikuwamenya pamsana. Malovu sankalavula pansi. Akaona mwana akulavula ankangoti, "Malovuwo ndi ako, bwanawe. Yenda nawo."

Atadwalika, anaitana akazi awo n'kunena mawu amene anawaseketsa misozi ili m'maso. "Veronika, mudzandiveke nsapato zanga. Ndikufuna kumwambako adzamve kuti Daka akubwera, asiye phokoso."

Anachitadi zimenezo. Popeza maliro a mwamuna amavekedwa ndi amuna anzake, a Veronika anapukuta nsapatozo mpaka kuwala, anaziika m'thumba limodzi ndi suti ndi masokosi atsopano, n'kupereka kwa alamu awo a Matiyasi, mng'ono wa malemu, mlimi wa ku Madzimoyo. A Matiyasi ndiwo analowa ku mochale. Maliro atatha sanabwerere kwawo. Anakhazikika m'kanyumba kakuseri, amvekere namfedwa sasiyidwa yekha, ndipo chimanga chawo kumudzi chinangomera udzu eni ake akumwa tiyi wa mkaka m'tauni.

Za timizere tija Juliet sanauze munthu. Anangopakapo polishi wina.

Usiku wotsatira magetsi anazima msanga. Juliet, amene chichitikireni maliro ankagona ndi amayi ake, anali maso, akumvetsera achule a m'ngalande ndi madzi odonthera m'ndowa. Mdima unali wothina, woti dzanja lako uliika pamphuno osaliona. Kenaka achule aja anakhala chete onse pamodzi, ngati wina wawatseka pakamwa.

Kho.

Panapita kanthawi.

Kho. Kho. Kho.

Zinkabwera pang'onopang'ono, molemera, mpaka zinaima pawindo penipeni. Kuseri kwa katani kunamveka kupuma, kwautali, kokoka, kwa mphuno yotsekeka. Zikhadabo za a Veronika zinalowa m'mkono wa mwana wawo.

"Juliet," ananong'ona, "ndi atate ako."

"Khalani chete, amayi."

"Nsapato zija ndinapukuta ndekha. Zili m'bokosi. Ndi iwo, mwanawe."

Pamenepo chinthucho chinakoka makhololo kuchokera pansi pa chifuwa, khaaa, n'kulavula. Kho, kho, kho, chinapita.

Kutacha, pawindo panali chimakhololo chachikasu chosakanikirana ndi fodya wamphuno, chikutsetsereka pakhoma, ntchentche zitachipeza kale. Pakhonde panali matope. Pansi pa mtengo wa mandimu, pomwe malemu ankakhala pochonga mapepala a ana, pankanunkha mkodzo wa munthu amene wamwa kachasu. Juliet ndi namwino, zonyansa amaziona tsiku ndi tsiku, koma pochapa khomalo anachita kutembenuza nkhope.

A Matiyasi anatulukira atafunda bulangete, maso ali psuu.

"Alamu, inenso ndamva. Sindinagone ine." Anakhala pampando wa malemu n'kudzithirira shuga. "Mkulu wanga sakugona bwino. Mwaona kuti akubwera pawindo panu, osati kwa ine?"

"Ndawalakwira chiyani, alamu?"

"Aaa, zimenezo mukudziwa ndinu awiri. Ine ndikungoti mwakhalitsa m'nyumba ya wakufa. Pitani kwanu ku Tamanda, mzimu uzizire. Nyumba ndiyang'anira ine. Ndi magazi anga aja, sangandikhudze."

"Atate aang'ono," anatero Juliet, "nyumba ino anamanga ndi amayi."

"Iwe, sukulu yako usaibweretse pa zinthu za akufa. Udzatupa miyendo."

Nkhani sinachedwe kutuluka pageti. A Dolika a nyumba yoyandikana anaimva kudzera pampanda, ndipo dzuwa lisanatenthe inali itafika kumsika itavala zovala zina. Ena amati aphunzitsi akuoneka atanyamula choko. Ena amati akuitana mayina a ana amene analephera mayeso. Koma imene inamera mizu inali yakuti a Veronika anawadyetsa kanthu amuna awo, n'chifukwa chake wakufayo akumawalavulira pawindo. Amayi a kutchalitchi amene ankabwera kudzacheza anayamba kupereka moni ali kumsewu. Ana otumidwa kudzapempha mandimu analeka.

Nsapato zija zinabweranso, n'kubweranso, makamaka usiku wa mdima ndi mvula. Tsiku lina zinazungulira nyumba yonse. Tsiku lina zinaima pachitseko nthawi yaitali, chogwirira chikugwedezeka pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse Juliet ankatuluka ndi ndowa kukachotsa makhololo, ndipo m'mawa wina anapeza zoposa makhololo, pakati pa khonde penipeni, zitaunjikidwa. A Veronika anasiya kudya. Anaonda mpaka mphete ya ukwati kumavuka yokha. Mantha okha akanawapirira. Chimene chinkawadya chinali kuganiza kuti munthu amene anakhala naye moyo wonse, amene sanawakwezerepo mawu, tsopano akunyansidwa nawo. Mapeto ake anatumiza uthenga kwa mlongo wawo ku Tamanda kuti abwere ndi motoka Loweruka, ndipo anayamba kumanga katundu.

Lachisanu masana Juliet anawapeza akukulunga chithunzi cha ukwati m'chitenje. Anatseka chitseko n'kukhala pafupi nawo.

"Amayi, usiku uja munamva khasu?"

"Khasu lanji?"

"La pageti. Atate anakwerapo pakhonde osapala matope?"

"Imfa imasintha munthu, mwanawe."

"Imfa siphunzitsa munthu fodya, amayi. Atate anga sangalavule pakhoma. Sangachite chimene ndinawola dzana chija, ngakhale atafa kawiri."

"Nanga nsapato? Kulira kwake sukukudziwa iwe?"

"Ndikukudziwa." Juliet anatsitsa mawu. "Koma tsiku la maliro, mapazi awo munawaona?"

"Mapazi a maliro amaonedwa ngati? Anatsegula kumutu, tinaona nkhope, basi."

Anayang'ana mwana wawo, kenaka anayang'ana khoma la kumbali ya kanyumba kakuseri, ndipo chitenje chija chinawapulumuka m'manja.

Madzulo amenewo Juliet anagula therere lodzaza beseni. Analiphika lonse mumphika waukulu umene anaphikira pamaliro, lopanda mchere, lopanda tomato, mpaka linananda ngati mamina. Khonde analipaka polishi kawiri n'kulikwecha ndi burashi mpaka kuoneka nkhope. A Matiyasi anadutsa akupita kokamwa, n'kuima.

"Ukupukutira ndani, poti mawa mukupita?"

"Ndikupukutira atate," anayankha Juliet osadzutsa mutu. "Abwera kudzatsanzikana ndi amayi."

Mdima utagwira, anathira therere lija kuyambira pamasitepe mpaka pawindo. Kenaka anaimbira foni Stanley, woyendetsa minibasi wokhala mumzere womwewo wa nyumba, amene aphunzitsi anam'tulutsa m'gulu la anyamata osuta chamba n'kumukhazika pa desiki la kutsogolo. Atamupempha kuti akhale tcheru usikuwo, Stanley anangoti, "Asisi, ine sindigona."

Mvula inayamba yowaza. Achule analira, n'kulira, n'kuleka. Mayi ndi mwana anakhala pabedi atagwirana manja, pakati pa katundu womangamanga. Panja china chake chinakhwekhwereza m'matope, chikuchokera kuseri kwa nyumba, osati kugeti. Chinafika pamasitepe.

Kho.

Kho.

Kenaka tsereee, ngati mbale yotsetsereka pa simenti, ndipo chinthu cholemera chinagwa phi, mutu n'kugunda mzati.

"Mayo ine! Msana wanga! Ndafa ine!"

"Mwamva, amayi?" anatero Juliet akuyatsa tochi ya foni. "Mzimu wake uli ndi msana."

Pakhonde panali a Matiyasi, chagada, atavala kabudula ndi vesiti yong'ambika, therere lili thupi lonse mpaka m'ndevu. Akati adzuke, miyendo inkapita kwina, manja kwina. Kumapazi kwawo kunali nsapato zakuda za aphunzitsi a Daka, zitsulo zikunyezimira. Stanley analumpha mpanda. A Dolika anafika ndi nyali, ena n'kumatsatira, mpaka bwalo linadzaza anthu ofunda zitenje.

Nsapatozo zinali zowathina, ndiye anazicheka ndi lezala m'mbali kuti zala zipeze potulukira. Stanley anagwada n'kuzikoka. Itavuka yoyamba, anthu a kutsogolo anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Mapaziwo anali a zilonda pakati pa zala, zoyera, zonyowa, ndipo mafinya anali atalowerera m'chikopa chimene a Veronika anachipukuta ndi manja awo. Fungo lake linali la khoswe wofera m'denga. Juliet, namwino uja, anathamangira kumandimu n'kusanza.

"Mwalowa m'nsapato za a Sir ndi mapazi amenewa?" anatero Stanley. "Ndigwireni, anthuni. Ndigwireni ndisapalamule."

A Veronika anatuluka pang'onopang'ono n'kuima pachitseko. Sanakuwe.

"Alamu, ndiye amuna anga munawaveka chiyani kumapazi?"

A Matiyasi anayang'ana uku ndi uku. "Suti ndinawaveka. Funsani aliyense, suti anaiona."

"Ndafunsa kumapazi."

"Nanga wakufa amayenda kupita kuti, alamu? Nsapato zabwinobwino zikaolere pansi?"

"Masokosi?"

"Aja... aja anali atsopano."

A Dolika, amene pakamwa pawo sipatsekeka, anangolavula kumbali, kenaka anakumbukira kuti ali pabwalo la yani, n'kufotsera malovuwo ndi phazi. Aliyense m'maganizo mwake ankaona chinthu chimodzi: aphunzitsi a Daka, amene sanaonekepo pagulu batani lili lomasuka, atagona m'suti yawo, tayi ili pakhosi, mapazi ali pamtunda.

"Juliet," anatero a Veronika, "kamasule katundu. Uwauze amalume ako asavutike ndi motoka." Anatembenukira kwa alamu awo. "Inu nyamukani. Panopa. Mmene munawasiyira akulu anumo ndi mmene muyendere."

Anatulukadi pageti opanda nsapato, akutsimphina m'matope, therere likudontha, agalu a mu Kapata akuwaperekeza.

Nsapato zija Juliet anazichapa ndi sopo, ndi mandimu, ndi mankhwala a kuntchito kwake, koma fungo linakana. Anazipachika kumtengo kuseri, ndipo ntchentche sizinachokepo. Amayi ake anayambanso kudya. Amayi a kutchalitchi anabwerera, aliyense akulumbira kuti iye sanakhulupirirepo.

Patapita kanthawi, ogulitsa makala a ku Madzimoyo anayamba kubweretsa nkhani. Amati a Matiyasi sakugona. Amati usiku kunja kwa nyumba yawo kukumamveka mapazi opanda nsapato, pha, pha, pha, oyenda mosafulumira, ndipo akafika pakhomo amaima, n'kuyamba kupala pamwala, phazi ili, kenaka linzake, nthawi yaitali. Ena amati ndi kachasu. Ena amati minibasi ya Stanley inaonedwa itaima kumsewu wa kumeneko nyali zitazima, koma Stanley ukamufunsa amangoseka n'kunena kuti mafuta ndi odula.

Mvula itatha, ana a sukulu akale anasonkhana kudzamanga chiliza. Kunabwera apolisi, manesi, ogulitsa pamsika, ena imvi zili mbuu, onse akukumbutsana za buku lija ankatumidwa kukatenga. Asanathire simenti, a Veronika anagwada n'kukwirira nsapato zija chakumapazi, pamodzi ndi masokosi atsopano.

"Ndi izi, a Daka," anatero. "Pepani zachedwa."

Sabata yomweyo a Matiyasi anapezeka m'mamawa atakhala pamsewu waukulu, atakumbatira mawondo, akukana kubwerera m'nyumba mwawo. Stanley anali ku Lusaka ndi maliro ena, anthu ambiri anamuona. Ogulitsa makala akuti pha, pha uja analeka. Tsopano kukumayamba kupala pamwala, kenaka chitseko, kenaka m'kati mwa nyumba, pa dothi lopanda simenti, kho, kho, kho.