Ndodo Yopanda Msomali

M'katauni kaja ka m'phiri onse ankangomutchula kuti Mlamu, poti anachita kudzakwatiwako kuchokera kuchigwa. Iye ndi mwamuna wake ankayang'anira nyumba yogona alendo kumapeto kwa msewu, pamene phula limathera n'kuyamba miyala. Mwamunayo ndiye ankaperekeza alendo kokaona malo. Anzake ankamutcha Buluzi, chifukwa thanthwe limene ena amakwera chokwawa iye ankalikwera akucheza.

Pakhonde panali misomali kukhoma, uliwonse ndi ndodo yake. Wopita kuphiri amatenga ndodo, pobwera n'kuikoleka. Apongozi anamuuza Mlamu lamulo tsiku lomwe anafika: msomali ukakhala wopanda ndodo, munthu akadali kuphiri, ndipo getsi la pakhonde silizimitsidwa, poti kukagwa nkhungu otsika amalondola lomwelo. Ndodo zikakwana, zimitsa, aneba adziwe kuti onse abwera.

Sukulu Mlamu sanapite nayo patali, koma matope ankawadziwa. Potsuka ndodo ankadziwiratu kumene mlendo wachokera. Ofiira ndi a kumathithi. Akuda onunkha mileme ndi a kuphanga. Fumbi loyera ndi la pamwamba, poonera chigwa chonse.

Tsiku lina alendo anabwera dzuwa lisanalowe, akudandaula miyendo. Mmodzi anali ataiwala chikwama kuphanga. Buluzi anakolola ndodo yake, ija Mlamu anaimanga kansalu kachikasu kong'amba kubulangeti la mwana kuti isamamutupitse chikhatho.

"Mupite mawa, bambo a mwana. Nkhungu iyo ikutsika."

"Ine ndi nkhungu tinakulira limodzi. Usanamalize kusambitsa kabwana ako ndafika."

Mwana anasamba, anauma, anagona kumsana. Kunada. Nkhungu inameza nyumba ya tsidya la msewu, kenako inameza ndi mpanda womwe. Msomali wa Buluzi unali mbee.

Go, go, go.

Sikunali kuchitseko. Wina ankagogoda pamzati wa khonde. Mlamu anatuluka. Pansi pa getsi panaima bambo wamtali wa chijasi ndi chipewa. Nkhope inabisika mumthunzi wa chipewacho.

"Odi, mayi. Kodi kuno kuli zoona zanji?"

Funso limeneli ankaliyankha tsiku ndi tsiku, moti pakamwa panangoyamba pokha. Anatchula mathithi, phanga la mileme, pamwamba poonera chigwa, ndi msewu wa osema ziboliboli.

"Koma zonsezi n'za masana, bambo. Mukufuna chipinda?"

"Mwaiwala mlatho wa zingwe."

"Umenewo unaduka ine ndisanabwere kuno."

"Oo. Inetu ndadzera pomwepo."

Mlamu anamuyang'ana bwinobwino. Nkhungu inali itanyowetsa chilichonse, mizati ikuchucha, koma chijasi chija chinali gwaa, chouma. Nsapato zinalibe ndi dothi lomwe. Mwana uja wolira akangomva mawu achilendo anali maso tseguu, phee, zala atazikanikiza pakhosi pa mayi ake.

"Ndabweza iyi," anatero bamboyo.

Inali ndodo. Kansalu kachikasu kali pomwepo.

"Mwini wake ali kuti?"

"Akubwera. Akulondola getsi. Kolekani."

Mpaka pano Mlamu sadziwa chimene chinamugwira. Analandira, anakoleka. Maso anayenda kukhoma, misomali yonse yadzaza, ndipo dzanja linapita lokha pa switchi monga limachitira madzulo onse. Thwa! Mdima.

"Mayo ine! Ndatani?"

Anayatsanso. Zii. Anadina, anadina, getsi silinayake, pomwe a m'nyumba ankayaka bwinobwino. Atacheuka, pakhonde panalibe munthu. Panja ponsepo ndi timiyala tolira ngakhale pakadutsa mphaka, koma sanamve phazi ndi limodzi.

Anathamangira kwa neba wawo wosoka nsapato. Amuna anatuluka ndi matochi, koma kuwala kwake kumangothera pamphuno. Anakuwa dzina la Buluzi, phiri n'kumawabwezera. Wina anaimba foni yake, inalira kukhitchini pamene anaisiya. Anaika babu lina, silinayake.

Apongozi anafika atafunda bulangeti.

"Mwana wanga ali kuphiri, iwe n'kumuzimitsira getsi? Akulakwira chiyani?"

"Ndodo inabwera, amayi."

"Inabwera yokha? Ili ndi miyendo?"

Mlamu anatenga ndodo ija n'kuyang'ana kunsonga. Matope ake sanali ofiira, sanali akuda. Anali otuwa ngati phulusa, ozizira, onunkha madzi a pansi pa miyala. M'ndodo zonse zimene anatsukapo, otere anali asanawaone. Anaikolekanso, nakhala pansi pakhonde mwana ali pamiyendo, maso kunjira.

Kutayamba kuyera, munthu anatulukira mu nkhungu, chikwama cha mlendo paphewa. Anali Buluzi. Nthabwala zonse zinali zitamuthera, mano akugundana.

"Ndinkaliona getsi," anatero atakhala pansi. "Lowala bwino, pafupi pomwepa. Ndinkangolilunjika. Kenako thwa, lazima. Ndinakhala pansi pomwepo, ndikukutukwana iwe mumtima. Kutacha ndapeza miyendo yanga ikulendewera kuphompho, paja panali mlatho. Phazi limodzi lokha, bwenzi mukukandizonda m'madzi."

Wosoka nsapato anakanda kumutu.

"Achimwene, kumlatho khonde lino silioneka. Thanthwe limatchinga."

"Nanga ndimalondola getsi la ndani?"

"Nanga linazimiranji limodzi ndi lathu?" anafunsa apongozi, mawu atatsika.

Mlamu sankamvanso zimenezo. Ankayang'ana dzanja la mwamuna wake. Ndodo yake inali m'manja, kansalu kachikasu kali pomwepo. Anayang'ana kukhoma. Inalinso pamsomali. Mfundo yomweyo imene anamanga yekha, ndi kabala komweko pamene mwana analuma mano akumera.

"Iyi sinachoke m'manja mwangamu," anatero Buluzi.

M'tauni ananong'onezana mosiyana. Osema ziboliboli amati ndi mlendo amene anagwa ndi mlatho kalekale, anadzapulumutsa mnzake. Wometa tsitsi amati ayi, ankafuna womuperekeza, zinangomukanika. Getsi linayaka lokha masana omwewo. Apongozi anati ndodo imodzi itenthedwe, koma pofika nthawiyo ndodo zinali zitadutsa m'manja mwa aneba onse, wina atapukuta matope ndi malaya, ndipo panalibenso wodziwa kuti yeniyeni ndi iti.

Imodzi anaikoleka, inayo inangoyedzamira pakona ya khonde, yopanda msomali wake. Madzulo alendo akabwera onse, Buluzi ali m'nyumba akusewera ndi mwana, Mlamu amaima pakhonde dzanja lili pa switchi. Misomali yadzaza. Koma ndodo ija ikadali pansi, ndipo iye sadziwa ngati kuphiri kwatsala munthu kapena ayi, ndiponso ngati munthuyo akufuna getsi kapena mdima.